Pisitola ya Teodoro

Mzungu wosaka nyama amene Teodoro ankamuphikira ku Cassacatiza, kumalire, atatsala pang'ono kubwerera kwawo, anaika mfuti ziwiri pamkeka n'kumuuza kuti asankhe imodzi, za chilolezo akonza yekha. Ina inali kasadera, mfuti yaitali yomwaza zipolopolo, thako lake long'aluka n'kumangidwa ndi chikopa. Inzake inali pisitola yonyezimira, ya chogwirira choyera mbee, imene mzunguyo ankaswera mabotolo madzulo. Mkazi wa Teodoro, Ermelinda, anali atatumiza kale uthenga kuti kumudzi chiuli chawasowetsa mtendere, nkhuku zikutha m'khola. Uthengawo Teodoro anaumva ndithu, koma mtima unali utapita kale pa kamfuti kowalako.

Kuchikamwini kwake, kufupi ndi Mualadzi, kunali apongozi ake aamuna, a Mateyo, omwe maso anali atachita khungu. Maso awo anali Tilekeni, galu wokalamba wa imvi pakamwa. Iwo ankagwira chingwe cha luzi, galuyo patsogolo, ndipo ankafika kumunda, kumaliro, ngakhale ku misa, osapunthwa. Mbatata imodzi ankaigawa pawiri.

Lamulungu lililonse anthu akaweruka ku misa, Teodoro ankandandalika zigoba za malambe pachitsa n'kumaziphulitsa chimodzichimodzi. Kunena zoona, dzanja anali nalo munthuyu. Amayi ankalulutira, iye n'kumapukuta pisitola ija ndi malaya ngati mwana wobadwa kumene. A Mateyo ankangomvera kulira kwake ali pakhonde. Poti mpongozi ndi mkamwini salankhulana pafupi, anatuma mwana wawo kuti akauze mwamuna wake kuti chigoba cha mlambe sichithawa ndipo sichiluma, koma chiuli n'chouma khungu, kachipolopolo kotero kangochiputa. Anapempha kuti atchere msampha, ndipo galu asamumasule.

Teodoro anaseka. Anati akuluwo akuweruza mfuti yomwe sanaionepo.

Patapita masiku, nkhuku zinalira mdima utagwira. Teodoro anatuluka ndi pisitola, ndipo poti sankaona kanthu, anamasula Tilekeni kuti amulondolere. Galu anachipezadi chiuli kuseri kwa nkhokwe. Chipolopolo choyamba chinalowa m'dothi. Chachiwiri chinangochikanda pamsana, ndipo chilombocho, m'malo mothawa, chinatembenuka n'kulunjika pamiyendo ya Teodoro. Tilekeni, ndi mano ake otha aja, anadziponya pakati. Zinagubuduzana m'fumbi, Teodoro ali chilili, kamfuti kali m'manja, osadziwa kuti galu ndi uti, chiuli ndi chiti. Anachita kubwera ndi Ermelinda atanyamula musi, chiuli n'kuthawira m'chimanga. Tilekeni anakwawira pakhonde, ndipo kunja kukucha anafa mutu uli pamapazi pa a Mateyo.

A Mateyo sanakalipe. Bola akanakalipa! Ankangokhala pakhonde tsiku lonse, dzanja n'kumatsika lokha kufunafuna mutu woti ausisite. Kumunda analeka kupita. Teodoro akamadutsa pabwalo ankanyang'ama ngati mbala, poopa kuti nkhalambayo imva mapazi ake.

Lamulungu lotsatira chitsulo cha kutchalitchi chinalira. A Mateyo anavala jekete lawo la misa mwachizolowezi, kenaka anakumbukira kuti Tilekeni kulibe, n'kukhalanso pansi. Teodoro ataona zimenezo misozi inalengeza. Anapita n'kugwada patali, monga achitira mkamwini, anawomba m'manja, n'kukankhira pisitola ija kumapazi awo.

"Ndakuchotsani maso, bambo. Chinthu chake ndi ichi. Munene pokachitaya."

Nkhalambayo inapapasa pansi n'kuitola. Inaiyendetsa zala pang'onopang'ono, kuyambira kukamwa mpaka kuchogwirira.

"Inde, n'kosalala," anatero a Mateyo. "Nanenso ndikanakhala ndi maso, pamsinkhu wanuwo, ndikanatenga komweka."

Teodoro analira ngati mwana, mkazi wake akuona. Atadzigwira anatenga ndodo, n'kuwapatsa apongozi ake nsonga imodzi kuti iye agwire inayo, awatsogolere popanda kuswa mwambo. A Mateyo anaikankhira kumbali.

"Senderani kuno, mundigwire dzanja. Ulemu wapatali sundifikitsa ku misa."

Tsiku limenelo anthu a pamudzipo anaona zomwe anali asanaonepo: mkamwini ndi mpongozi atagwirana manja m'kanjira ka m'chimanga, wina akunena pamene pali chitsa, wina akuponda pomwe wauzidwa. Anafika misa itayamba kale, ndipo palibe amene anaseka. Kuyambira pamenepo Teodoro sanabwererenso kukafuna ntchito kumalire, chifukwa panalibe wina woyenda ndi nkhalambayo. Anali ataphunzira ndi misozi zimene akulu ananena kale, kuti chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.