Mtondo Wouma wa Nasimango

Kalekale, misewu isanathiridwe phula, pamsika wina panali mayi dzina lake Nasimango. Ankaphikira phala anthu ogona m'makonde, opanda kwawo. Chimanga chinkabwera pangolo, chotumizidwa ndi anthu achifundo akutsidya kwa mtsinje. Amudzi ankangoonerera. Amati, "Za akutsidya izo, ife sizitikhudza."

Tsono mvera, mwanawe. M'dambo lakuseri kwa msikawo munali chilombo, Chinyambita. Sichinkadikira mdima ayi. Chinkatuluka dzuwa lili paliwombo, n'kumanunkhiza mbale. Chikapeza mbale youma, mwini mbaleyo chamutenga. Koma chikamva musi ukusinja chimanga, chinkabwerera.

Tsiku lina woyendetsa ngolo anatsitsa thumba limodzi lokha.

"Matumba ena aja ali kuti, achimwene?"

"Mayi, akutsidya akuti nawonso zawavuta. Ili ndi lomaliza."

Nasimango anachita mantha. Anayamba kuthira madzi ambiri m'phala. Linatsala lamadzimadzi, komabe thumba linkaphwa. Linaphwa, linaphwa, mpaka tsiku lina chipande chinakanda pansi pa mphika mzere usanathe.

Kumapeto kwa mzere kunali bambo Kamtedza, nkhalamba yosaona. Ankakhala omaliza masiku onse chifukwa ankayenda mofufuza ndi ndodo.

"Agogo, pepani, latha. Mawa ndiyambira inu."

"Palibe kanthu, mwanangu. Mawa."

Pomwepo mbalame zinati zii. Udzu wa m'dambo unayamba kugona wokha.

"Mbale youma ndi ya yani? Mbale youma ndi ya yani?"

Anthu anabalalika. Nasimango anabisala kuseri kwa nkhuni. Atatuluka, anapeza ndodo yokha ndi mbale yonyambitidwa mbee.

M'mawa mwake munalibe ngakhale njere imodzi. Mzere unali pomwepo, aliyense ndi mbale yake, maso ali kudambo. Dzuwa likukwera. Nasimango anaganiza zochinamiza chilombocho. Anatenga musi n'kuyamba kusinja mtondo wopanda kanthu.

Gong'o! Gong'o! Gong'o!

Iwe ukudziwa, mtondo wouma sulira ngati wa chimanga. Chinyambita nacho chinkadziwa. Udzu unayamba kugona.

"Mtondo wouma ndi wa yani? Mtondo wouma ndi wa yani?"

Nasimango anagwiritsitsa musi. Akathawa, chilombo chiyamba ndi mzere wonsewo. Akakhala, chiyamba ndi iye. Anapitiriza kusinja, misozi ikugwera mumtondo.

Kumudzi nako kulirako kunafika. Mayi wina waukali, Nachisale, analephera kupirira. Anatapa chimanga chodzaza manja n'kuthamanga.

"Amzanga, muswa mtondo! Munthu wamkulu amasinja mphepo?"

Kenako anayang'ana kudambo. Anaona chimutu chotuwa, lilime likukwekwereza pansi. Anaponya chimangacho mumtondo n'kukuwa, "Azimayi inu, bwerani ndi chilichonse!"

Anabwera. Wina ndi mapira a m'chikho. Wina ndi gaga. Wina ndi nandolo womanga pansonga ya chitenje. Palibe anabwera ndi thumba. Mpweya wa chilombo unali utayamba kuwawomba m'khosi, koma misi inagwira ntchito.

Du! Du! Du!

Chinyambita chinaima. Chinatchera khutu.

"Lero mwasinja. Ine sindipita kutali. Ndikumvetsera."

Ndipo chinabwerera m'dambo chafutambuyo.

Ngolo ija sinabwerenso. Bambo Kamtedza nawo sanabwerenso. Amudzi anayamba kusonkha tsiku ndi tsiku, osati chifukwa mitima inafewa yonse ayi, kwa ambiri anali mantha basi. Anadziwa kuti chikamaliza mbale zapamsika, chidzayamba kununkhiza m'makomo.

Nasimango anaimika ndodo ija pafupi ndi mtondo. Kuyambira pamenepo, pogawa phala ankayambira kumapeto kwa mzere.

Ndiye mwanawe, ukamva mtondo wa mnzako ukulira wouma, usadikire akutsidya. Tapa chodzaza manja uthamange, chifukwa si iwe wekha amene wamva.

Nthano yanga yathera pamtondo pomwepo.