Mayi Amene Anajowina ndi Mbale Yake

Pamsika wina wa m'mbali mwa msewu panali mayi wogulitsa nyemba. Ankakhala yekhayekha kumapeto, pansi pa mthethe, ndi thumba lake ndi kambale koyezera.

Pakati pa msikawo panali amayi ena asanu, nawonso a nyemba. Iwowa anali atakhoma mbale zawo kunsi ndi mwala, pansi n'kutukuka, moti mbale inkaoneka yodzaza nyemba zili zochepa. Ankatsitsa mtengo, anthu n'kumakhamukira komweko. Kumthethe kunkangofika mphepo. Anankafumbwe anayamba kuboola nyemba, ndipo mayiyo ankadziwa kuti thumba limenelo likafumbwa, ana ake agona ndi njala.

Tsiku lina kunadutsa mlamu wake, amene anakhalako ku Joni. Anasuzumira m'thumba napukusa mutu.

"Alamu, Azungu amati if you can't beat them, join them. Anthu akakukanikani kuwagonjetsa, ajowineni basi."

"Kuwajowina?"

"Eya. Chizungu chimenecho, sichinama."

Mlamuyo ankanena za mwala. Mawu amenewa amawanena munthu amene watopa kulimbana, wayamba kuchita zomwe opikisana naye akuchita. Koma mayiyo anawamva ndi makutu a kutchalitchi, kumene kujowina kwaya ndi kukakhala pabenchi limodzi ndi anzako, uli ndi mawu akoako.

M'mawa mwake anasenza thumba lija, nakalitula pakati penipeni pa asanu aja.

"Mwabwera, a Chilungamo?" anatero mmodzi akuseka. "Mwala uwu, mudziwa chochita."

"Zikomo, amwali," anayankha. Anaulandira ndi manja awiri, nauika kunsi kwa thumba kuti lisapendekeke.

Dzuwa litakwera kunabwera bambo wina wa njinga. Anagula mbale imodzi kwa woseka uja, ina kwa mayiyo, iliyonse m'jumbo yake. Ponyamula, dzanja logwira jumbo ya nyemba za mayiyo linatsika.

"Mbale zofanana," anatero, "nanga dzanja ili lalemedwa bwanji?"

Msika wonse unamva. Sabata isanathe thumba la mayiyo linali litatha psiti, anankafumbwe atasowa chodya. Ndipo kuseri kwa msika kunkamveka go, go, go. Anali amayi asanu aja, akuwongola mbale zawo ndi mwala womwe uja.

Abale ndi alongo, ndili wamng'ono tinkaponyerana ndagi yakuti, kanthu kanga kalowa m'madzi koma sikanyowa. Ndinkaganiza kuti yankho ndi chithunzithunzi chokha. Lero ndikuti ndi mayi ameneyu, ndipo ine ndimamunyadira. Yesu anadya ndi okhometsa msonkho, koma muyezo wawo sanautenge. Inunso akakuuzani kuti ajowineni, pitani, khalani nawo pabenchi limodzi mutu uli m'mwamba. Mwala wawo landirani ndi ulemu. Koma mbale mutenge yanu.