Zala Zogogoda Pabondo

Pa koleji ina yophunzitsa zaulimi panali mtsikana wa chaka chomaliza. Anali wakhama, wosakonda macheza. Mtima wake wonse unali pa mayeso omaliza, amene anali atayandikira.

Popita m'kalasi ankadutsa pa chipinda cha makompyuta. Panja pake panali benchi, ndipo pabenchipo ankapezapo mtsikana wina wa chaka choyamba. Mtsikanayo sankalowa, sankawerenganso buku. Ankangoyang'ana pawindo, zala zake zikugogoda pabondo.

Wamkuluyo anayamba kudabwa. Kodi akuimba nyimbo chamumtima? Akudikira munthu? Kapena zalazo zili ndi matenda? Anzake anati, "Ingomusiya, ana achaka choyamba ndi otero." Iyenso ankadziuza kuti alibe nthawi. Koma funsolo linakana kuchoka. Ngakhale atatsegula buku, ankangoona zala zija.

Tsiku lina anaima, nakhala pabenchipo.

"Mnzanga, zalazi zikutani?"

Wamng'onoyo anabisa manja pansi pa chikwama. "Ndikuphunzira kutayipa, achemwali. Ndimaonera mmene enawo akuchitira."

Pang'onopang'ono anafotokoza zonse. Kusukulu kumene anachokera kunalibe magetsi, ndipo chibadwire anali asanakhudzepo kompyuta. Kuno aphunzitsi ankafuna ntchito yotayipa. Mayankho ankawadziwa, anali atawalemba kale pamanja, koma anali asanapereke ntchito ngakhale imodzi. Ankaopa kuti akalowa adina polakwika, makina awonongeke, anthu amuseke. Ndipo aphunzitsi anali atachenjeza kuti wosapereka ntchito salemba mayeso, abwerera kwawo.

"Nanga bwanji sunafunse?"

"Aliyense amaoneka kuti akudziwa kale. Ndikanafunsa ndani?"

Wamkuluyo anaganiza za mabuku ake amene ankamudikira, ndi za malo apamwamba amene ankawalakalaka pamayeso. Kenaka anaimirira, nati, "Tiye tilowe."

Ntchito inalipo. Chilembo chimodzi wamng'onoyo ankachifunafuna ngati singano yogwera mumchenga. Tsiku lina anafufuta mwangozi zonse zimene anatayipa, ndipo analira. Anayambiranso. Wamkuluyo sanamutayipire ngakhale mzere umodzi. Ankangokhala pambali, kuloza, ndi kudikira. Anamuonetsanso kapezedwe ka mabuku mu laibulale. Anamuperekeza kwa aphunzitsi kuti akadzifotokozere yekha vuto lake, wamkuluyo ataima pakhomo.

Ntchito zinafika mochedwa, koma zinalandiridwa. Wamng'onoyo analemba mayeso, nakhoza. Wamkuluyo anakhozanso, ngakhale malo apamwamba aja anatenga ndi wina. Atafunsidwa ngati zikumupweteka, anati, "Pang'ono. Koma uja sanabwerere kwawo."

Abale ndi alongo, ambiri anamuona mtsikana uja, koma mmodzi yekha ndiye anadabwa mpaka kufunsa. Mulungu amatiikira pafupi anthu amene manyazi awamanga pakamwa, moti sangapemphe thandizo ngakhale akumira. Chimene inu mumachiyesa chaching'ono, kwa mlendo ndi phiri. Choncho inu amene munayamba kufika, kaya kusukulu, kaya kuntchito, kaya mumpingo muno, mukaona chachilendo mwa mnzanu watsopano, musaseke ndipo musadutse. Khalani naye pansi, mumufunse. Chifundo chimayambira pa funso.