Bele la Kapweza

Makolo athu asanakwere mapiri ano kudagwa chilala chimene chidaumitsa ngakhale zitsime za m'madambo, ndipo mbumba ya Nsaliwa idasiya manda a makolo ake n'kutsata mtsinje wa Shire mpaka ku Zambezi. Nsaliwa adabala ana atatu: Dzimbiri, mwamuna yekhayo, amene adali mwini mbumba; Ndaziona, amene sadaonepo mwana; ndi Siyeni, chitsirizira. Pakati pathu ana otuluka mwa mayi mmodzi timawatcha bele limodzi, ndipo bele limapitirira mwa mwana wamkazi basi. Tsono Siyeni atamwalira m'njira, adasiya khanda lalikazi, ndipo bele lonse la Nsaliwa lidatsalira mwa kamwana kameneko, kumsana kwa Ndaziona.

Adakafika kumene madzi alibe tsidya ndiponso samwedwa, pakati pa anthu odya za m'nyanja. Apa mpamene padali vuto. Mwanayo adali asanatengedwe kumphasa, mwambo umene umalimbitsa khanda, ndipo makolo ankakhulupirira kuti mchere ukam'khudza wotereyu adwala tsempho n'kufa. Kumeneko chakudya chonse chinkachokera mumchere. Dzimbiri adalamula kuti mwana azimwa madzi a kokonati okha, ndipo liwombo lake lidayamba kulowa.

Mayi wina wa kumeneko, Atija, amene adaphunzira chinenero chathu kwa ogula minyanga, adatenga Dzimbiri ndi Ndaziona kukafuna ndiwo m'miyala madzi a m'nyanja ataphwera, monga amachitira tsiku lililonse. M'phanga lina adaona nyama yopanda fupa, mutu wokha ndi mikono isanu ndi itatu, imene eni dziko amaitcha pweza. Kudenga kwa phangalo kudali lende mazira ngati ngala za mapira, ndipo nyamayo inkawasisita ndi mikono, n'kumawauzira madzi.

"Ndiwo zodziika zokha mumphika!" adatero Dzimbiri, mkondo uli m'mwamba.

"Mlendo, kwanu mumabaya mayi ali m'chikuta?" adafunsa Atija.

"Njala sidziwa chikuta."

Ndaziona adagwira mkondowo. "Achimwene, dzana lomweli takwirira Siyeni. Musapangenso amasiye ena."

"Za ana ukudziwapo chiyani iwe, msana wosadziwa mbereko yakeyake?"

Mawu amenewo adanenedwa pamaso pa Atija, munthu wapadera, ndipo Ndaziona adawasunga mumtima. Mkondo nawo sadausiye mpaka Dzimbiri adachoka akung'ung'udza.

Kuyambira pamenepo, madzi akaphwera, Ndaziona ankapita kuphangako mwana ali kumsana. Adayesa kuponyera pweza nkhanu, koma iye adaikankhira kunja osalawa. Atija adamuuza kuti mayi ameneyu sadya kanthu chiikireni mazira, pakuti akangochokapo nsomba zimatha ana ake. Thupi lake linkafota, mawanga ake akuzilala, monga momwe mwana wa Siyeni ankafotera.

M'mawa wina mazira adayamba kung'ambika. Mudatuluka tiana tonga njere za mpunga, toonekera mkati ngati madzi, maso okha ndiwo aakulu, ndipo timadontho ta pakhungu pawo tinkayaka n'kuzima ngati ziphaniphani. Tidatuluka tosawerengeka, mpaka thamanda lonse lidachita waliwali. Mayiyo adatiuzira kunja ndi mphamvu yake yotsiriza, kenako adayera ngati ufa, mikono n'kugwa lobodo.

"Kalanga ine! Nanga awayamwitsa ndani?" adalira Ndaziona.

"Pweza alibe bele, mnzanga," adatero Atija. "Kamba wa paulendo amawapatsiratu m'dzira. Akatha ameneyo, wosagwira yekha chakudya wafa. Taona."

Adatunga madzi m'chigoba cha kokonati. M'menemo mudali kapweza kamodzi pamodzi ndi tiana ta nkhanu tochepa ngati nsabwe. Kapwezako kadaima, kadada thupi lonse, kenako kadalumphira kankhanu n'kukakulunga ndi timikono take tonga ulusi, kamwana kobadwa m'mawa womwewo, kopanda wokaphunzitsa. Ndaziona adagwada m'madzi. Adaona mwana wamasiye, wosatengedwa kumphasa, wobadwira mumchere, akudya za mumchere, ndipo tsempho osam'gwira. Adazindikira kuti Chauta adapatsa kamwa lililonse chakudya cha msinkhu wake.

Atija akutsanulira kapwezako m'nyanja, mwana adatambasula dzanja, ndipo kanyamako kadam'gwira pamkono kasanapite, n'kusiyapo timadontho tisanu ndi titatu timene sitidafufutike mpaka imfa yake.

Tsiku lomwelo Ndaziona adasinja tinkhanu tating'ono, adasefa msuzi wake pansalu, n'kuusakaniza ndi phala lamadzimadzi la mpunga. Dzimbiri adam'peza akudonthezera mwana ndi chala.

"Ukupha mbumba yanga! Akafa, mlandu ndi wako."

"Ndavomera, achimwene. Nanga akakhala moyo, mudzanditcha ndani?"

"Ndidzakutcha amayi, anthu akumva."

Mwana adameza. Adamezanso. Mwezi usanathe liwombo lidadzaza, ndipo mvula itabwerera kumtunda adakwera nawo mapiri ano akuyenda ndi miyendo yake. Adamutcha Kapweza. Iyeyu adabala Mwatitha ndi Nsaliwa wachiwiri, Mwatitha adabala ana aakazi anayi, ndipo midzi yonse ya bele lathu idatuluka mwa iwowa.

Dzimbiri adalipira mawu ake, ngakhale poyamba ankawatafunira m'mano. Adatcha mlongo wake amayi mpaka tsiku limene adam'kwirira. Koma chipongwe cha pamaso pa munthu wapadera sichitha ndi munthu mmodzi. Mpaka lero mwana wamkazi akabadwa m'bele la Kapweza, zidzukulu za Dzimbiri ndizo zimabweretsa mchere wa kuchikuta, ndipo zikachedwa timazikumbutsa. Ana athu opita ku Beira ndi ku Quelimane sadya pweza, pakuti munthu sadya amene adam'lerera kholo. Chigoba chija chilipo, chakuda ndi utsi, m'nyumba ya mayi wamkulu wa mbumba. Ndipo azamba akamasambitsa khanda amayamba atembenuza kamkono, chifukwa timadontho tija timabwererabe. Mwana wotero sapatsidwa kaye kwa mayi wake. Amayamba kumunyamula mkazi wa pamudzi amene sadabalepo, ndipo onse, ngakhale amuna aimvi, amam'tcha mkaziyo amayi.