Thabwa Losasa la a Sandalamu

Kalekale, zimkuzamawu zisanalande maukwati, kumunsi kwa Shire kunali mkulu wina woimba ulimba, dzina lake a Sandalamu. Ulimbawo anawasiyira ndi bambo awo: matabwa makumi awiri, pansi pa thabwa lililonse pali chipanda chokuza mawu. Anayenda nawo zaka makumi anayi, pamutu, panjinga, ngakhale m'bwato. Ndipo mukudziwa mmene anthu amachitira ndi woimba. Kuvina avina mpaka fumbi koboo, koma ikafika nthawi ya nyama, woimba amamukumbukira patatsala mafupa.

Pa matabwa onsewo panali limodzi, lachisanu ndi chiwiri, lomwe linkalira mosasa ngati munthu wachimfine. A Sandalamu ankalikonda kuposa ena onse. Nyimbo iliyonse ankaimalizira pamenepo, maso atatsinzina.

Tsono ukalamba unafika. Manja anayamba kunjenjemera, ndodo zomenyera n'kumawapulumuka pakati pa nyimbo, anthu n'kumaseka. Ana analibe, koma mlongo wawo wamkulu, a Mwatitha, anali ndi ana aamuna atatu, onse andevu kale: Eliyazara, Bonjesi ndi Zuze. A Sandalamu anawaitana.

"Ulimba ndi umodzi, inu mulipo atatu, ndipo sindiudula ngati nzimbe. Aliyense akhale nawo mwezi. Amene ndione kuti ndi woimba, autenga."

Woyamba anali Eliyazara, mphunzitsi wa kwaya, munthu wodziwa kuwerenga nyimbo papepala. Anali ndi kachitoliro koyesera mawu komwe anapatsidwa ku mishoni. Ankati akaliza kachitoliro, amenya thabwa, akaliza, amenya lina. Atafika pa lachisanu ndi chiwiri anakwinya nkhope. Analichotsa n'kusema lina. Anasinthanso zipanda zong'aluka, nakulunga ndodo ndi mphira watsopano. Kenako anapita ku mpikisano kuboma, ndipo oweruza atatu ovala mataye anamupatsa chikho.

"Amalume, ulimba wanu ndauchiritsa," anatero pobwera.

"Unkadwala?"

"Thabwa lija linali lotsika. Si ine ndikunena, ndi kachitoliroka. Mawu ali ndi muyeso wake, amalume, ngati nsalu."

"Nanga lakale lili kuti?"

"Akunyumba anaphikira nyemba."

A Sandalamu anangoti kukamwa yasa. Zaka makumi anayi, nyemba! Atapeza mawu anati, "Chikho chakocho uzimwera madzi."

Wachiwiri anali Bonjesi, woyendetsa ngolo, munthu waphokoso ngati msika. Iyeyu za matabwa analibe nazo ntchito. Ankamenya awiri nthawi imodzi, kuphonya, kuseka, kufuula dzina la mkwatibwi. Koma pa mwezi umodzi anaimba maukwati anayi. Anthu ankachoka kutsidya kwa mtsinje kudzavina, ndipo gogo wina amene ankayendera ndodo anaitaya n'kulowa m'bwalo. Dzina la Sandalamu, lomwe linali litayamba kuiwalika, linamvekanso m'midzi. Ulimba unabwera chipanda chimodzi chitamangidwa ndi linya.

"Unaphonya kasanu m'nyimbo imodzi," anadandaula a Sandalamu. "Ndinali pomwepo, ndinawerenga."

"Inu munkawerenga, amalume, anthu ankavina. Miyendo siwerenga."

"Chabwino. Nanga thabwa latsopano la mkulu wakoli ukulimva bwanji?"

"Thabwa liti?"

Thabwa liti! Munthu wakhala nawo mwezi wathunthu! A Sandalamu anafwenthera pambali n'kumuuza kuti achoke asanamugende.

Wachitatu anali Zuze, woluka mono, munthu wosayankhulayankhula. Iye chikhalire ankangokhala chapatali kumvetsera amalume ake. Atalandira ulimba sanapite nawo kulikonse. Analowa m'thengo, nadula mtengo, nayamba kusema. Anasema thabwa, nalitaya. Anasema lina, nalitaya. Lachikhumi ndi chimodzi ndi lomwe linalira mosasa ndendende ngati lija linapsa ndi nyemba. Analiika pamalo pake, ndipo masana ena anakhala pansi pa mtengo wa mango n'kuyamba kuimba pang'onopang'ono, mmene ankaimbira mwini wake. Anthu anabwera, naima pang'ono, n'kumachoka mmodzimmodzi. Mayi wina wochokera kumadzi anafunsa kuti, "Kodi maliro ndi a ndani?" Koma a Sandalamu misozi inali chuchuchu.

"Woimba ndi uyu," anatero. "Enawo ndi akalipentala ndi oyendetsa ngolo."

Mawa lake anasonkhanitsa banja kuti apereke ulimba kwa Zuze. Asanamalize kuyankhula, a Mwatitha anayamba kuseka mpaka kutsokomola.

"Achimwene, mwakalamba koma nkhani ya thabwa lanulo simuidziwa. Silinabadwe losasa. Chaka cha chigumula, inu mukukwawa, ulimba unanyowa, thabwalo n'kung'aluka kunsi. Bambo akalimenya ankatukwana mpaka mayi kutseka makutu. Ankati adzasema lina, ulesi n'kuwagwira, imfa n'kuwapeza. Mawu amene waika Eliyazara ndi amene ndinawamva ine ndili mtsikana. Inu mwakhala mukulirira chilema."

"Mwamvatu!" anatero Eliyazara. "Chabwino ndi chabwino, wina achikonde asachikonde."

"Chabwino chake chovinitsa oweruza atatu, atakhala pampando?" anatero Bonjesi. "Ulimba wopanda ovina ndi nkhuni basi. Funsani alamu amene anaphikira nyemba aja, akudziwa."

Zuze anangoti, "Ine agogo sindinawamve. Ndinamva amalume."

"Tatontholani nonse!" anakalipa a Sandalamu. "Mukundisokosera ngati achule."

Anatenga matabwa awiri aja, la Eliyazara ndi la Zuze. Anaika la Eliyazara, namenya. Linalira bwino, mogwirizana ndi anzake onse, ndipo khutu lawo, lomwe silinali la munthu wamba, linavomereza. Zimenezi zinawapsetsa mtima kwambiri. Analichotsa, naika la Zuze, namenya. Linali lolakwika, tsopano anamva okha kuti ndi lolakwika, koma analikondabe monga kale. Analichotsanso.

Nthawi yomweyo pabwalo panafika anthu a ukwati wa Loweruka. Sanafunse za thabwa, sanafunse za chikho, ngakhale moni weniweni kwa mwini ulimba sanapereke. Ankangoti, "A Bonjesi alipo? Akapanda kubwera ndi ulimba, ife titenga ng'oma za kutsidya." Ndipo a Sandalamu ankadziwa kuti ukwati ukazolowera ng'oma, ulimba umakagona kudenga, n'kudyedwa ndi chiswe.

Ndiye anakhala pamenepo mkuluyo, thabwa kudzanja ili, thabwa kudzanja ilo, mpata umodzi pa ulimba, a ukwati akugwedeza miyendo pabwalo.

Tsono inu amene mumadziwa zonse, inu amene mumati mukamva nyimbo kawiri mwasanduka oweruza, weruzanitu. Wina anabwezera mawu amene anasema mwini wake woyamba, koma anawotcha chimene malume ake ankachikonda. Wina sadziwa n'komwe kuti thabwa linasinthidwa, koma popanda iye ulimbawo palibe angaufune. Wina anataya mwezi kusema cholakwika mwadala, chokomera khutu la nkhalamba imodzi yomwe yatsala pang'ono kupita. Ulimbawo a Sandalamu apatse ndani? Ndipo pampata paja, mwati aikepo thabwa liti?