Chidindo cha Bwana Mphonda

Nangozo ankaphika buledi mu uvuni wa njerwa pa Lizulu, koma pakhoma la okala yake adalembapo DZUKANI, dzina la kampani yaikulu ya buledi ya mumzinda. Tsiku lina adangoona bwana Mphonda wa kampaniyo watulukira, tayi ali pakhosi.

"Mayi, fufutani dzina lathu lero lomwe, apo ayi tikaonana kukhoti!"

"Pepani bwana, ndifufuta," adatero Nangozo atagwada. "Koma amuna anga sakakhulupirira kuti munthu wamkulu ngati inu munaponda pano. Tangondilemberani kalata."

Mphonda adadzimva. Adasolola pepala la kampani, dzina lili pamwamba m'zilembo zofiira, n'kulembapo Chingerezi chozama, kusaina, chidindo kawiri.

Nangozo adapakadi laimu khoma lonse. Kalata ija adaiika m'felemu n'kuipachika pakhomo. Chingerezicho ndani akanataya nacho nthawi? Anthu adangoona dzina ndi chidindo, buledi n'kumatha dzuwa lisanatenthe.

Mphonda atabweranso adakuwa, "Walembanso dzina lathu apa ndani?"

"Ndinu bwana, siginecha yanu iyi. Kukhoti kuja mupita nokha, kapena ndikuperekezeni?"