Nodi ya Asiyatu

Che Bwanali Chikwanje, katswiri wa mapulogalamu a kompyuta, anafika kwa Shehe Rajabu Kalanje ku Namwera nkhope ili gwaa, ndipo moni anaupereka mongotaya. Ine, wophunzira wa Shehewo, ndinali pakhonde pomwepo, ndipo ndinapsa mtima. Shehewo anaphunzitsapo makompyuta kale, ndipo Bwanali anadutsa m'manja mwawo.

"Shehe, pulogalamu yanga yandichititsa manyazi," anatero. "Ndinalemba mtundu wathu wonse mu fayilo ya XML ngati mtengo, munthu aliyense ndi kanthambi kake, komwe timati nodi. Pulogalamuyo imatumiza uthenga woitanira abale ku sadaka ya malemu bambo. Mlongo wanga Asiyatu anandinyoza pamaliro, pamaso pa anthu, ndiye nodi yake ndinaidula. Koma uthenga wamupeza! Akuti abwera. Sindikufuna phazi lake pakhomo paja."

"Pepani, mwananga," anatero Shehe. "Kodi pulogalamu yanu imadziwa bwanji kuti nodi ikadali pamtengo?"

"Imatenga nodi zonse zomwe inawerenga poyamba, n'kumafunsa iliyonse kuti mwini wake ndi fayilo iti. Zimenezi ndimazidziwa bwino, Shehe."

"Cholakwika chili pomwepo. Nodi ngakhale muidule, imatchulabe fayilo imene inabadwiramo. Musaifunse za mwini wake. Ifunseni kholo lake, kenako kholo la kholo lakelo, muzikwera choncho. Mukafika pamuzu, ndiye kuti ili pamtengo. Mukathera m'malere, inadulidwa."

Bwanali analemba msangamsanga pa kompyuta yomwe anabwera nayo, osathokoza n'komwe. Kunena zoona, ndinadandaula kuti Shehe amupatsa mpeni munthu wolusa.

"Basi," anatero Bwanali akuimirira. "Sadzaitanidwanso mpaka kale."

"Khalani pansi pang'ono, Che Bwanali. Njirayi tiyenera kuiyesa kaye, tione ngati ikugwira. Tsekani kompyutayo. Tiyambire pa Asiyatu. Kholo lake ndani?"

Bwanali anayang'ana kumbali.

"Ndi bambo," anayankha pomaliza, mawu ali pansi.

"Bambo ake ati?"

"Omwe tikuwachitira sadakawo."

"Ndiye mwafika pamuzu ndi sitepe imodzi yokha," anatero Shehe. "Fayiloyo ndi yanu, idulenidulenitu mmene mungafunire. Koma mtengo winawu anaudzala ndi Allah, ndipo mpeni wake sanakupatseni. Pitani mukamuyalire mkeka mlongo wanu, adzapempherere bambo ake."